Ndalama Yokumbukira Voti ya Amayi ku Amereka

Ndalama si yogulira ufa ndi mchere yokha ayi. Mayiko ena amasula ndalama zapadera zachitsulo n'cholinga choti ana asaiwale kumene makolo awo adadzera. Ku Amereka ndalama yotere situluka mwachisawawa. Nyumba ya Malamulo, imene kumeneko amaitcha Congress, imayenera kuyamba yakhazikitsa lamulo, ndipo pa chaka saloleza zikumbutso zoposa ziwiri.

Pa 25 Novembala 2019, Pulezidenti Donald Trump adasaina lamulo loti m'chaka cha 2020 kusulidwe ndalama yasiliva ya dola imodzi, yokumbukira kuti patha zaka 100 amayi a m'dzikomo chilandirire ufulu woponya voti. Adalitsogolera lamuloli ndi aphungu achizimayi a zipani zonse ziwiri zikuluzikulu, ena mwa iwo Mayi Marsha Blackburn ndi Mayi Kirsten Gillibrand. Lamulo lidaloleza ndalama zosapitirira 400,000, ndipo pa iliyonse yogulidwa madola 10 ankapita ku bungwe la Smithsonian kukathandiza ntchito yosunga mbiri ya amayi. Pa ndalamayi pali nkhope za amayi atatu ovala zipewa zosiyana, kuseri kwake kuli bokosi loponyamo mavoti.

Nanga chikumbutsochi n'chanji? Ufuluwu sudabwere ndi mphepo. Amayi adayamba kuupempha poyera m'chaka cha 1848 pa msonkhano wa ku Seneca Falls. Mu 1872 Mayi Susan B. Anthony adakaponya voti mumzinda wa Rochester, ndipo adawamanga. Chaka chotsatira khoti lidawalamula kulipira chindapusa cha madola 100, koma iwo adakanitsitsa. Adamwalira mu 1906 asanaone chipatso cha thukuta lawo.

Mu 1919 Congress idavomera kuwonjezera ndime ya 19 m'malamulo oyendetsera dziko, yoletsa kumana munthu voti chifukwa choti ndi mkazi. Koma kuti ndimeyi igwire ntchito padafunika kuti zigawo 36 mwa zigawo 48 za nthawiyo zivomereze. Pofika Ogasiti 1920 zidali zitavomera 35, ndipo maso a onse adali pa chigawo cha Tennessee.

M'nyumba ya malamulo ya chigawocho aphungu adagawikana pakati, 48 uku 48 uku. Wamng'ono pa onse adali Harry Burn, wa zaka 24, amene pachifuwa adavala duwa lofiira, chizindikiro cha okana. Koma m'thumba mwake mudali kalata ya amayi ake, Mayi Febb Burn, yomupempha kuti aime kumbali ya amayi. Dzina lake litaitanidwa pa 18 Ogasiti 1920, mnyamatayo adavomera, nkhani n'kutembenuka. Tennessee idakhala chigawo cha 36. Paja akuluakulu adati mawu a akulu akoma akagonera. Apa mawu a mayi adakoma tsiku lomwelo. N'chifukwa chake ndalama ija idayamba kugulitsidwa pa 18 Ogasiti 2020.

Komabe, awerengi, pali zina zimene chitsulo sichinganene. Amayi ambiri akuda a m'zigawo za kumwera adapitirira kutsekeredwa kunja ngakhale ndime ya 19 idalipo. Ankawauza kuti ayambe alipira msonkho wa voti, kapena akhoze mayeso a kuwerenga amene adakonzedwa dala kuti alephere, mwinanso kuwaopseza kumene. Iwo adadikira mpaka 1965, pamene lamulo lina loteteza ufulu wovota lidakhazikitsidwa. Choncho zaka 100 zimene ndalamayi ikuwerenga si za amayi onse.

Ndalama yachikumbutso amaisunga m'kabokosi, koma voti siisungidwa. Ikapanda kuponyedwa patsiku lake, yapita. Ufulu umene amayi adauyembekezera zaka 72 udatsala pang'ono kugwa chifukwa chosowa voti imodzi, ndipo voti imeneyo idachokera kwa mayi amene adakhala pansi kunyumba n'kulembera mwana wake kalata.