Chala chikadindidwa kukhoti, mwana sabwerera kumudzi

Pa Mponela n'kovuta kupeza khomo limene ana onse odya mbale imodzi ndi obadwa mwa mayi wa m'nyumbamo. Ena mwa anawo amakhala a malemu achemwali, kapena a mlamu amene adapita ku Joni n'kuleka kutumiza ngakhale moni. Palibe amene adapita kukhoti. Maliro atatha akuluakulu adakhala pansi, mwini mbumba adaloza kuti uyu apite kwa azakhali ake, uyo atsale ndi agogo, nkhani n'kuthera pomwepo.

Umu ndi momwe Achewa a kwa Dzoole, kwa Kayembe, kwa Malenga ndi kwa Kalumo akhala akuchitira kuyambira kale. Mwana ndi wa mbumba. Ngakhale akulire ku Kasungu kapena ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe, mudzi wake susintha, atsibweni ake sasintha, ndipo tsiku la chinkhoswe chake ankhoswe amachokera kwawo. Womulera amadziwa kuti wabwereka. Mwini mwana amadziwanso kuti tsiku lina adzamuitanitsa.

Koma pali kulera kwina kumene kumalembedwa ndi woweruza milandu, ndipo kumeneko kulibe zobwerekana. Amalawi ambiri adakumva koyamba mu October 2006, pomwe woyimba wa ku America, Madonna, ndi mwamuna wake wa nthawiyo, Guy Ritchie, adatenga David Banda, mwana wa chaka chimodzi ndi mwezi umodzi, kumalo osungirako ana amasiye a Home of Hope ku Mchinji.

David sadali wamasiye kotheratu. Mayi ake adamwalira atangochira kumene, koma bambo ake, mlimi wa m'mudzi, adali moyo. Adamusiya ku Home of Hope chifukwa analibe mkaka womupatsa. Woweruza Andrew Nyirenda adapereka chilolezo choyembekezera cha miyezi 18, ndipo patangotha masiku ochepa mwana adakwera ndege ya ku London. Gulu la mabungwe omenyera ufulu wa anthu la Human Rights Consultative Committee lidathamangira kukhoti kudandaula kuti malamulo apondedwa chifukwa cha ndalama ndi kutchuka. Komabe mu May 2008 khoti lidamaliza nkhaniyo: David adakhala mwana wa Madonna.

Chimene chidaiwalika m'phokoso lonselo ndi zomwe bambo a mwanayo adauza atolankhani mwezi womwewo wa October. Iwo adati pomwe ankavomera ankaganiza kuti mwana akupita kukaleredwa ndi kuphunzira, kenako adzabwerera kumudzi, monga zikadakhalira akadakhalabe ku Home of Hope. Pambuyo pake adanenanso kuti sakutsutsa zomwe zidachitika. Koma mawu awo oyambawo aliyense wa ku Dowa kapena Ntchisi akhoza kuwamvetsa msanga. Bamboyo adamva nkhani ya khoti ndi makutu a kumudzi, kumene mwana woleredwa amabwerako.

Lamulo limene khoti lidagwiritsa ntchito, la Adoption of Children Act, ndi la 1949, nthawi ya atsamunda. Limanena kuti woweruza akalamula, ufulu wonse ndi udindo wonse wa makolo obereka umatha, n'kupita kwa makolo atsopanowo ngati kuti mwanayo adabadwa mwa iwo. Wofuna kutenga mwana ayenera kukhala wa zaka zosachepera 25, ndipo apose mwanayo ndi zaka 21, kupatula ngati ndi wachibale. Makolo kapena womusunga ayenera kuvomera. Kupereka kapena kulandira ndalama kuti mwana atengedwe n'koletsedwa. Lamuloli limatinso wotenga mwanayo akhale wokhala m'dziko muno.

Mfundo yomalizayi ndiyo idavuta mu 2009, Madonna atabweranso kudzatenga Chifundo James ku Kondanani m'boma la Thyolo. Pa 3 April woweruza Esme Chombo adakana. Adati munthu wongotera ndi ndege masiku ochepa sangatchedwe wokhala muno, ndipo kutsegula chitseko chotere kukhoza kulowetsa anthu ozembetsa ana. Pa 12 June khoti lalikulu la apilo, motsogozedwa ndi mkulu wa oweruza Lovemore Munlo, lidatembenuza chigamulocho. Lidati chachikulu ndi ubwino wa mwanayo, komanso lidawerengera ntchito zomwe woyimbayo amachita kuno kudzera m'bungwe lake la Raising Malawi. Mu February 2017 woweruza Fiona Mwale adalolanso Madonna kutenga mapasa a zaka zinayi, Esther ndi Stella, ochokera ku Home of Hope komweko. Nawonso bambo awo adali moyo.

Palibe angakane kuti anawa adapeza chakudya, chipatala ndi sukulu zomwe kumudzi sakadaziona. Chipatala cha opaleshoni ya ana cha Mercy James Centre, chomwe chidatsegulidwa ku Queen Elizabeth mumzinda wa Blantyre mu 2017, chathandiza ana a Amalawi ambiri osauka. Koma chidwi chili apa: chomwe chidachotsa David ndi mapasa aja pakhomo sikusowa kwa abale ayi, koma imfa ya mayi pa uchembere ndi kusowa kwa mkaka.

Mayiko ena a mu Africa adaona vuto lomweli n'kutseka chitseko. Dziko la Kenya lidaimitsa kupereka ana kwa alendo mu 2014, ndipo Ethiopia idaletseratu mu 2018 zitamveka kuti ena mwa ana otumizidwa kunja adali ndi makolo amene sadauzidwe zoona. Zambia idalowa m'pangano la ku Hague loyang'anira nkhanizi mu 2015. Pomwe mapasa a ku Mchinji ankanyamuka mu 2017, Malawi adali asadalowe m'panganolo.

Komabe alendo otenga ana ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi Amalawi amene akulera ana a anzawo. Edzi isadapeze mankhwala aulere a ma ARV mu 2004, komanso m'njala ya 2002 yomwe idakantha kwambiri chigawo chapakati, agogo ambiri a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi adatsala ndi zidzukulu zingapo, munda uli umodzi. Mbumba idapindika koma siidathyoke. Ngakhale kumsasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka, m'boma lomweli la Dowa, ana ofika okha kuchokera ku Congo kapena Burundi amapatsidwa kwa mabanja a mumsasamo kuti awalere.

Lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana lidavomereza njira yapakati imeneyi. Banja likhoza kupempha kwa mkulu woona za chisamaliro cha anthu paboma kuti lilere mwana amene si wawo. Ofesiyo imayendera pakhomo, imaona kogona ndi chakudya, imalemba. Mwana amakhala m'manja mwa omulerawo, koma dzina lake ndi ubale wake sizidulidwa, ndipo zinthu zikasintha kwawo akhoza kubwerera. Apa lamulo lidangotsatira zomwe mwini mbumba ankachita kale, n'kuonjezerapo pepala ndi diso la boma. Disolo n'lofunika, chifukwa si khomo lililonse lolera mwana limene lili ndi chifundo. Ena adatenga mwana wa malemu kumudzi kuti akamuphunzitse, mapeto ake mwanayo ndiye wotunga madzi, wogulitsa mandasi kudepoti ndi wosoka fodya m'chigafa, anzake ali m'kalasi.

Mbali inayo ili ndi phunziro lakenso. Pali mabanja pa Mponela, ena aphunzitsi, ena a magolosale, amene sadapatsidwe mphatso ya mwana ndipo adalera wa mnansi kuyambira ali wakhanda. Mwanayo amawatchula kuti amayi ndi ababa, ndipo sadziwa khomo lina. Bambo akamwalira, abale amabwera ndi ngolo kudzasesa katundu, n'kumufunsa mwanayo kuti iwe ndiwe yani pano. Lamulo la 2011 la chuma cha masiye limawerengera mwana wotengedwa kudzera kukhoti mofanana ndi wobadwa m'nyumbamo. Woleredwa mwa pakamwa chabe amayenera kuyamba waonetsa umboni woti ankadalira malemuwo, pokhapokha atalembedwa mu wilu. Banja lotere, lomwe likufunadi kuti mwana akhale wawo mpaka kale, ndilo liyenera kupita kukhoti, kapena kulemba wilu akadali moyo.

Choncho funso limene kholo, gogo kapena mtsibweni ayenera kufunsa asadaike chala papepala lililonse ndi limodzi: kodi mwanayu adzabwera? Ngati pepalalo ndi lovomera kuti khoti limupereke kwa ena, yankho lake ndi ayi, ngakhale wobweretsa pepalayo alonjeze kuti azibwera naye pa holide. Wosadziwa kuwerenga Chingerezi ali ndi ufulu wopempha kuti amuwerengere m'Chichewa pamaso pa wa ofesi ya chisamaliro cha anthu, ku Dowa boma kapena ku Ntchisi boma, osati pakhonde la munthu wongoyimira bungwe.

Chaka chomwe David adakwera ndege, 2006, m'boma lomwelo la Mchinji, boma lidayamba kuyesa ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, yopereka kandalama kwa mabanja ovutikitsitsa omwe alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito. Ambiri mwa olandira adali agogo olera ana amasiye. Pofika 2018 ndondomekoyi idafika m'maboma onse 28, kuphatikizapo Dowa ndi Ntchisi.