M'mene Cithunzi ca Mzimai Casinthila m'Mafilimu

Akuluakulu ambili a ku Chipata ndi midzi yozungulila anaona kanema koyamba pa nsalu yoyela yopacikidwa pabwalo, galimoto ya boma itafika madzulo ndi makina ake. Lelo wacicepele aonela filimu pa foni ali khale ku Kapata kapena ku Mchini. M'zaka zonsezi si makina okha amene asintha ayi. Nayenso mzimai amene aoneka pa nsaluyo wasintha kwambili.

M'nthawi ya atsamunda, pamene Chipata inali kudziwika ndi dzina lakuti Fort Jameson, kunakhazikitsidwa bungwe la Central African Film Unit mu 1948. Nchito yake inali kupanga mafilimu ophunzitsa anthu akuda a ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. M'mafilimu amenewa mzimai anali munthu wouzidwa zocita: kusesa pakhomo, kusamala ana ndi kusunga ukhondo. Filimu ya The Wives of Nendi ya mu 1949 ndi citsanzo cake. Olemba nkhani ndi otsogolela nchitoyo anali Azungu, motelo mau a mzimai mwini sanali kumveka.

M'zaka za m'ma 1990 kunabwela mavidiyo. Filimu ya Living in Bondage itatuluka ku Nigeria mu 1992, mafilimu a dziko limenelo anafalikila mu Africa yense, ndipo anafikanso m'makomboni athu. Apa mzimai anapatsidwa mbali yaikulu, koma kawilikawili inali ya mpongozi wankhanza, mkazi wadyela, mfiti, kapena wosabeleka amene angokhalila kulila. Mai Patience Ozokwor anachuka ndi mbali ya mpongozi woteleyo.

Filimu imene inatsegula njila ina ndi Neria ya ku Zimbabwe, yomwe nkhani yake inalembedwa ndi mai Tsitsi Dangarembga. Neria ndi mkazi wamasiye amene mlamu wake amulanda katundu, koma iye apita kukhoti napambana mlandu. Nkhaniyi inakhudza mitima muno mu Zambia cifukwa vuto linali lomwelo. Lamulo la Intestate Succession Act la mu 1989 linagamula kuti munthu akafa wosasiya wilo, ana alandile magawo 50 pa 100, mkazi kapena mwamuna wake magawo 20, makolo 20, ndipo ena odalila malemuyo 10. Filimuyi inaonetsa poyela kuti lamulo lotele lithandiza pokhapo wamasiye akalimba mtima kuligwilitsa nchito.

Kusintha kwakukulu kunadza pamene azimai anayamba kutsogolela okha kupanga mafilimu. Mu 2009 mai Musola Cathrine Kaseketi anatulutsa Suwi, nkhani ya mtsikana amene alemala pangozi koma akana kutaya mtima. Mu 2014 mai Jessie Chisi pamodzi ndi Salla Sorri anajambula Between Rings, mbili ya katswili wankhonya Esther Phiri. Tsidya lina la malile a Mwami, ku Malawi, filimu ya Lilongwe ya mai Joyce Mhango Chavula inapata mphoto ya Africa Magic Viewers' Choice mu 2016.

Mai Rungano Nyoni, amene anabadwila mu Lusaka nakulila ku Wales, anafika patali koposa. Filimu yao ya I Am Not a Witch ya mu 2017, m'mene mumvekanso Cinyanja, ikamba za Shula, kamtsikana konamizilidwa ufiti ndi kumangidwa ndi kansalu kuti kasauluke. Inalandila mphoto ya BAFTA mu 2018. Kale filimu inali kuopseza anthu ndi mfiti, koma iyi ifunsa amene aloza cala. Mu 2024 On Becoming a Guinea Fowl inawapatsa mphoto ya wotsogolela wopambana m'gawo la Un Certain Regard ku Cannes. Ionetsa malilo pamene acibale abisa nkhanza zimene malemu anacitila atsikana a m'banja, uku akudzudzula wamasiye.

Nkhani zimenezi si zacilendo kuno kum'mawa. Lamulo la Witchcraft Act liletsa kuchula munthu kuti ndi mfiti, komabe agogo ena athamangitsidwa m'midzi. Mu 2023 lamulo la maukwati linasinthidwa kuti ukwati wa mwana wosakwana zaka 18 ukhale wosaloledwa, ngakhale wamwambo. Zimene mwana aona pa kanema zithandiza kuumba maganizo ake pa nkhani zotele.

Zithunzi zakale sizinatheletu, pakuti masewelo ambili akali kudalila azimai olimbilana mwamuna. Conco makolo poonela limodzi ndi ana angafunse mafunso awili: kodi mzimai m'filimuyi adzisankhila yekha zocita, nanga ndani analemba nkhani yake?