Anthu Oimba Kumbuyo

Munthu akakhala pa khonde ku Mandevu madzulo, namva nyimbo irikuturuka m'wailesi ya mnansi wace, amachula dzina limodzi lokha, la uja alikuimba ndi pakamwa. Koma kumbuyo kwa iyeyo kuli anthu anai kapena asanu amene maina ao samveka: woomba ng'oma, wa gitala, wa gitala wa mau akuru amene timamucha besi, ndi wa limba. Lero tikambe za anthu amenewa, makamaka iwo amene akalamba pa nchitoyi nabwereranso kukajambula nyimbo.

Nchito yao ifanana ndi ganyu. Mwini nyimbo awaitana ku nyumba yojambuliramo mau, awaimbira kamodzi kapena kawiri, ndipo iwo ayenera kuigwira pomwepo, pakuti nyumbayo ilipiridwa pa ora. Akatha alandira ndalama za tsikulo, basi. Mbale ija ikagulidwa ndi anthu zikwi zambiri, iwo kawirikawiri saonapo kanthu kena.

Kuno kwathu nchitoyi inakula pamodzi ndi wailesi. Mu 1949 kunabwera wailesi yochipa ija ya Saucepan Special, ndipo nyumba ya wailesi ya ku Lusaka inafuna nyimbo zambiri za Aafrika. Bambo Alick Nkhata, amene anamenya nkhondo ku Burma nayendanso ndi Hugh Tracey kutola nyimbo za m'midzi, anayambitsa gulu la oimba anai. Gulu limeneli linakula nkukhala Lusaka Radio Band, ndipo pambuyo pace linachedwa Big Gold Six. A Nkhata anafa mu 1978 pafupi ndi Mkushi, pamene asilikari a Rhodesia anaukira dera limenelo. Dzina lao tiridziwa tonse. Nanga a gulu lao, ndani mwa ife angawachule onse?

Tsono tione kutsidya kwa nyanja. Nyimbo za blues zinabadwa kumwera kwa America, pakati pa adzukulu a akapolo amene analikulima thonje ku Mississippi. Kaimbidwe kace nkosabvuta kukazindikira: woimba anena mau amodzi, awabwereza, ndipo kacitatu awayankha, monga acitira amai posinja pa mtondo. Zimene akamba ndizo njala, ngongole, ulendo ndi cikondi cotha. Nyimbo za soul zinadza pambuyo, m'zaka za m'ma 1950, pamene Ray Charles ndi Sam Cooke anatenga kaimbidwe ka m'chalichi nakaphatikiza ndi blues.

Mu mzinda wa Detroit, kumene apanga magalimoto, Berry Gordy anayamba kampani ya Motown mu 1959. Oimba kumbuyo a kumeneko anadzicha Funk Brothers. Ndiwo anaombera The Temptations, The Supremes, Stevie Wonder ndi Marvin Gaye, tsiku ndi tsiku, m'kacipinda kamodzi. Komatu maina ao sanalembedwe pa mbale kufikira 1971, pamene Marvin Gaye anawalemba pa mbale yace ya What's Going On. Caka cotsatira kampaniyo inasamukira ku Los Angeles, ndipo ambiri anatsala ku Detroit akuimba m'nyumba za mowa. James Jamerson, katswiri wa besi, anafa mu 1983 asanaone ulemu womuyenera. Mu 2000 otsalawo, a imvi okhaokha, anakumananso naimba nyimbo zomwe zija pamodzi ndi Chaka Khan ndi oimba ena. Kanema wa nkhani yao anaturuka mu 2002, ndipo mu 2003 nyimbozo zinalandira mphoto ziwiri za Grammy.

Wina afunsa kuti, cifukwa ninji nkhalamba zotere zibwereza nyimbo zodziwika kale, m'malo mopeka zao? Ine ndiona kuti cifukwa cacikuru ndi ici: pa nyimbo yatsopano makutu athu amatsata mau, koma pa nyimbo imene tiidziwa kale makutu amatsata manja. Pamenepo mpamene timva kuti woomba ng'oma wacedwetsa dala pang'ono, ndi kuti wa besi wasiya mpata pamene mnyamata akadadzazapo. Wacinyamata afuna kuonetsa zonse adziwa m'nyimbo imodzi. Wamkuru anaphunzira pokhalira cete, ndipo luso limenelo silibwera m'caka cimodzi.

Pali cobvuta cace. Ndalama za nyimbo yobwereka zigawika pawiri: gawo la woipeka lipita kwa iye kapena kwa ana ace, ndipo oimba alandira pa mbale yokhayo imene ajambula. Lamulo lathu la Copyright and Performance Rights Act la 1994 liteteza wopeka, ndipo bungwe la ZAMCOPS ndilo litolera ndalama zace. Cotero gulu la ku Matero kapena ku Chawama likafuna kujambula nyimbo ya mwini ndi kuigulitsa, liyambe lapempha cilolezo.

Anyamata athu a Zamrock anayambira pa nyimbo zobwereka zomwezi. M'mahotela ndi m'makalabu a ku migodi analikuimba za Jimi Hendrix, za Rolling Stones ndi za James Brown, amene anafika yekha ku Zambia mu 1970 naimba ku Lusaka ndi ku Ndola. Emmanuel Chanda wa gulu la WITCH, la ku Kitwe, anachedwa Jagari cifukwa ca kabvinidwe kace konga ka Mick Jagger. Pamene boma la President Kaunda linalamula, m'zaka za m'ma 1970, kuti pafupifupi nyimbo zonse za pa wailesi zikhale za Zambia, magulu anayamba kupeka zao, ndipo Paul Ngozi wa kuno ku Lusaka anaimba za moyo wa m'komboni m'Cinyanja cathu ca m'tauni. Kenaka mtengo wa kopa unagwa, makalabu anacepa, ndipo matenda a Edzi anatenga oimba ambiri. A Ngozi anafa mu 1989. A Jagari anatsala okha mwa amene anaimba pa mbale zoyamba za WITCH. Anaphunzitsa m'sukulu, kenaka anakakumba miyala ya mtengo wapatali. Inu a ku migodi mudziwa kuti piki ndi fosholo zicita ciani ndi manja a munthu.

Mu 2012 kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inasindikizanso mbale zakale za WITCH, ndipo dziko linayamba kuwafuna. A Jagari ndi a Patrick Mwondela, woimba limba wa gululo m'zaka zace zotsiriza, analowanso m'nyumba ya DB Studios ku Lusaka, momwe munajambulidwa Lazy Bones!! mu 1975. Mbale yao, Zango, inaturuka mu 2023. Nyimbo zace nzatsopano, si zobwereka ai, ndipo muli Keith Kabwe wa gulu lakale la Amanaz, Sampa the Great, ndi anyamata a ku Ulaya monga Jacco Gardner wa ku Holland. Tsopano zinthu zatembenuka: Azungu ndiwo anaphunzira nyimbo za ku Kitwe pa mbale zakale, nabwera kudzaimba kumbuyo kwa a Jagari.