Wothawa Moto Sabwezedwa ku Moto

Pa zaka zonse zimene ndakhala pa ntchito ya zamalamulo, funso limene anthu andifunsa kawirikawiri, kaya ndi pakhonde la bwalo lamilandu podikira woweruza, kaya ndi pa siwa usiku nyimbo zitayamba kuzilala, ndi ili: kodi chimene inu maloya mumachitcha malamulo a pakati pa mayiko ndi malamulo enieni, popeza palibe wapolisi amene angamange boma, ndiponso palibe ndende imene ingatsekere dziko? Funso limeneli ndi lanzeru, ndipo ndimakonda kuliyankha pofotokoza mlandu umodzi umene udaweruzidwa ku London pa 15 Novembala 2023, pakuti mlanduwo udaonetsa poyera mmene lamulo lopanda wapolisi lidagwirira dzanja boma lamphamvu.

Muzu wa nkhaniyi uli kutali. M'chaka cha 1939 sitima yapamadzi yotchedwa St. Louis idanyamuka ku Hamburg ndi anthu oposa 900, ambiri a iwo Ayuda othawa ulamuliro wa Hitler. Ndipo atakanizidwa kutsika ku Cuba, nakanizidwanso ku America, adabwerera ku Ulaya, kumene oposa 250 mwa iwo adaphedwa m'zaka za nkhondo zimene zidatsatira. Nkhondoyo itatha, mayiko atayang'ana m'mbuyo ndi manyazi poona anthu onse amene adatsekeredwa pakhomo imfa ili pambuyo pawo, adasonkhana ku Geneva, ndipo pa 28 Julayi 1951 adagwirizana pangano lonena za anthu othawa kwawo. Mtima wa panganolo ndi ndime 33, imene ife a malamulo timaitchula ndi liwu la Chifalansa lakuti non-refoulement, koma tanthauzo lake ngakhale mwana angalimve: munthu amene wathawa kwawo chifukwa cha mantha enieni akuti akazunzidwa kaamba ka mtundu wake, chipembedzo chake, dziko lake, gulu lake kapena maganizo ake pa ndale, asabwezedwe mwa njira iliyonse kumene moyo kapena ufulu wake ukakhale pangozi. Mawu akuti mwa njira iliyonse ndiwo ofunika kuwasunga, chifukwa kumupereka munthu kwa mnzako amene ukudziwa kuti akambweza kwawo, pamaso pa lamulo n'chimodzimodzi kumbweza iwe mwini.

Tsono boma la Britain, litavutika mtima ndi anthu owoloka nyanja ya pakati pa France ndi England m'timaboti ta mphira, amene m'chaka cha 2022 chokha adapitirira 45,000, lidaganiza zowatumiza ku Rwanda. Pa 14 Epulo 2022 nduna Priti Patel idasaina mgwirizano ku Kigali, ndipo Britain idayamba ndi kupereka mapaundi 120 miliyoni. Cholinga chidali chakuti madandaulo a anthuwo akamvedwe ndi boma la Rwanda, ndipo ngakhale amene akapezeke kuti ndi othawa kwawo enieni akakhazikike komweko, osabwereranso ku Britain. Ndege yoyamba idakonzeka kunyamuka pa 14 Juni chaka chomwecho, koma usiku womwewo bwalo la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu, limene limakhala ku Strasbourg, lidalamula kuti mmodzi wa okwerawo ayambe wadikira kufikira mabwalo a ku Britain atamaliza kuunika nkhaniyo. Ena otsalawo adapezanso ziletso zawo, ndipo ndegeyo sidauluke.

Mlanduwo udakwera makwerero onse atatu. Bwalo loyamba lidavomereza ganizo la boma mu Disembala 2022. Bwalo la apilo lidalikana mu Juni 2023, oweruza awiri kutsutsana ndi mmodzi. Ndipo potsiriza oweruza asanu a bwalo lalikulu koposa, motsogozedwa ndi Lord Reed, adagamula ndi mtima umodzi kuti ganizolo lidali losemphana ndi malamulo. Pano ndipemphe awerengi amvetsetse, popeza ambiri adamva nkhaniyi mwa theka. Oweruzawo sadanene kuti kutumiza wothawa kwawo ku dziko lachitatu n'koletsedwa nthawi zonse, ndiponso sadanene kuti boma la Rwanda lidalonjeza mwachinyengo. Funso limene adadzifunsa lidali limodzi: kodi pali zifukwa zomveka zokhulupirira kuti munthu wotumizidwa kumeneko angaweruzidwe molakwika, nabwezedwa kwa amene adamthawa?

Poyankha, adatsamira kwambiri pa umboni wa UNHCR, nthambi ya bungwe la United Nations yosamala othawa kwawo, imene yakhala ikugwira ntchito m'Rwanda zaka zambiri. Umboniwo udaonetsa kuti pakati pa 2020 ndi 2022 Rwanda idakana madandaulo onse a anthu ochokera ku Afghanistan, Syria ndi Yemen, mayiko amene dziko lonse likudziwa kuti kudali nkhondo. Udaonetsanso kuti pa mgwirizano wina wofanana ndi umenewu, umene Rwanda idachita ndi Israel kuyambira 2013, anthu otumizidwawo ankawatulutsa mwakachetechete kupita nawo ku dziko loyandikana nalo. Ndiponso kuti mu 2018 apolisi a ku Rwanda adawombera othawa kwawo a ku Congo amene ankadandaula za kuchepa kwa chakudya, napha anthu osachepera 12. Ichi ndicho chinsinsi cha ntchito yathu chimene ndifuna owerenga apite nacho: bwalo lamilandu limayesa lonjezo la mawa ndi ntchito za dzulo, monga momwe ankhoswe, asanapereke mwana wawo ku banja, amayamba afunsa mmene mkamwiniyo adakhalira ndi anthu kumene achokera.

Nanga mphamvu yoimitsa boma oweruzawo adaitenga kuti, popeza pangano la ku Geneva lilibe asilikali? Adaitenga m'malamulo a Britain yemweyo, pakuti nyumba ya malamulo ya dzikolo idali italemba kale mfundo imeneyi m'malamulo ake a 1993, 1998 ndi 2002. Umo ndimo pangano la mayiko limamerera mano: dziko likalisaina, nililowetsa m'malamulo ake, oweruza ake omwe ndiwo amasanduka alonda a panganolo, ndipo munthu wopanda chiphaso, wopanda khobidi, wosadziwa ngakhale chilankhulo cha m'bwalomo, amatha kuimirira maso ndi maso ndi nduna ya boma, nawina.

Sindingakhale woona mtima ndikabisa kuti mano amenewa ali ndi polekezera. Boma la Rishi Sunak, posafuna kugonja, lidasaina pangano latsopano ndi Rwanda mu Disembala 2023, ndipo mu Epulo 2024 nyumba ya malamulo idakhazikitsa lamulo louza oweruza kuti azitenga Rwanda ngati dziko lotetezeka, kaya umboni unene zotani. Ambiri a ife tidada nkhawa, chifukwa kupeza choonadi pa mlandu ndi ntchito ya bwalo, ndipo aphungu akayamba kulamula chimene woweruza ayenera kuona ndi maso ake, chilungamo chimakhala chitadwala. Chimene chidathetsa nkhaniyo ndi chisankho cha mu Julayi 2024, pamene boma latsopano la Keir Starmer lidataya ganizo lonselo, nililengeza kuti lidadya mapaundi pafupifupi 700 miliyoni, chikhalirecho amene adapita ku Rwanda adali anthu anayi okha, nawonso mwa kufuna kwawo.

Wina angafunse kuti za ku London zitikhudza bwanji ife kuno. Zitikhudza, pakuti Malawi adalowa m'pangano la ku Geneva mu 1987, nakhazikitsa lamulo lake la othawa kwawo mu 1989. Ndipo tilinso m'pangano la mayiko a mu Africa la ku Addis Ababa la 1969, limene lidakuza tanthauzo la wothawa kwawo kuti liphatikize ndi iye amene wathawa nkhondo kapena chisokonezo chachikulu m'dziko lake. Akuluakulu a ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza akukumbukira bwino masiku amene abale athu a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi adakhala pakati pathu, kutunga pa zitsime zathu ndi kutola nkhuni m'mapiri athu, kufikira mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992. Dziko losauka lidachita pamenepo chimene mayiko olemera amachiona cholemetsa lero, ndipo mbiri imeneyo ndi chuma choyenera kuchisunga.

Komabe polowa m'panganolo boma lathu lidakana kumangidwa ndi ndime zina, monga za ufulu wosankha kokhala ndi wogwira ntchito, ndipo pa maziko amenewo lidalamula mu 2023 kuti othawa kwawo onse okhala m'matauni ndi m'midzi abwerere ku Dzaleka m'boma la Dowa, msasa umene udatsegulidwa mu 1994 kuti usunge anthu pafupifupi 12,000 koma tsopano umasunga oposa 50,000. Mu Meyi chaka chimenecho mazana a anthu, ana ali pomwepo, adagwidwa mu Lilongwe nayamba asungidwa ku ndende ya Maula asanawapititse ku msasako. Za nzeru ya kutsekera mumsasa munthu amene ankadzidyetsa yekha ndi kagolosale kake, anthu angatsutsane. Koma pali malire amodzi amene palibe boma lingawadumphe, chifukwa panganolo, pa ndime 42, limaletsa dziko lililonse kukana ndime 33. Ngakhale iye amene akuganiziridwa kuti ndi woopsa ku chitetezo cha dziko ayenera kuyamba wamvedwa mwa dongosolo la lamulo, ndipo pangano la 1984 loletsa kuzunza anthu silipatula munthu aliyense: kumene akazunzidwe, asatumizidweko.

Ndiyeneranso kuchenjeza ana athu amene amapita ku Johannesburg kukafuna maganyu, kuti chitetezo chimenechi sichiwaphimba, pakuti umphawi, ngakhale uwawe chotani, pangano la ku Geneva siliuwerenga ngati chizunzo. Wopezeka wopanda mapepala kumeneko angathe kubwezedwa kwawo mwalamulo, ngakhale kuti ulemu wake monga munthu palibe wololedwa kuupondereza. Choncho wopita ulendo umenewo akonze pasipoti ndi chilolezo chake asanakwere basi.

Makolo athu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndipo ife amene m'zaka za chipani chimodzi tidaona ana a dziko lino, a Mboni za Yehova ndi andale omwe, akuthawira ku Zambia, Mozambique ndi Tanzania, tikudziwa kuti mawuwo ndi oona. N'chifukwa chake ndikupempha aphungu athu kuti aunikenso lamulo la 1989 ndi ndime zimene tidazikana zija, poona kuti lidalembedwa Malamulo Aakulu a dziko lino a 1994 asanabadwe. Ndipo kwa inu owerenga, mukadzamva kuti mlendo wakuti akufuna kumbweza kwawo, funsani funso limene oweruza asanu aja adafunsa, lakuti kodi akakafika kumeneko chikamuonekere n'chiyani, pakuti pa yankho la funso limenelo pagona moyo wa munthu.