Mantha ndi mkwiyo pa masewera

Mantha, mkwiyo, chisoni ndi chisangalalo zimasintha momwe thupi la wosewera limagwirira ntchito. Munthu akachita mantha kapena akapsa mtima, tiziwalo tiwiri tomwe tili pamwamba pa impso timatulutsa homoni yotchedwa adrenaline. Mtima umayamba kugunda mofulumira, munthu amapuma mwawefuwefu, magazi ambiri amathamangira ku minofu ikuluikulu ndipo chiwindi chimathira shuga m'magazi. Wasayansi wa ku America, Walter Cannon, anafotokoza kusinthaku mu 1915 kuti ndi njira yomwe thupi limakonzekerera kumenyana kapena kuthawa.

Kusinthaku kumathandiza koma kuli ndi malire. Mu 1908, Robert Yerkes ndi John Dodson anachita kafukufuku pa mbewa pozigwiritsa shoko yamagetsi. Pa ntchito yovuta, mbewazo zinkaphunzira msanga shoko ikakhala yapakatikati, koma ikachuluka zinkasokonekera. Maganizowa anadzafika ku masewera pambuyo pake. Mtima kugunda kwambiri kungathandize wonyamula zitsulo, koma kumasokoneza ntchito yofuna kudekha monga kumenya penate. Minofu imauma ndipo wosewera amayamba kuganizira kayendedwe ka phazi komwe masiku onse amachita osaganiza n'komwe.

Chitsanzo chomwe chimatchulidwa kawirikawiri ndi cha Roberto Baggio wa ku Italy, yemwe anaponya penate pamwamba pa golo pa masewera otsiriza a Chikho cha Dziko Lonse mu 1994, Brazil n'kutenga chikho. Komabe si bwino kunena kuti anali mantha okha, chifukwa anali atasewera mphindi 120 mwendo uli wovulala. Nkhani ya mkwiyo ndi yoonekeratu: mu 2006 ku Berlin, Zinedine Zidane anagunda Marco Materazzi ndi mutu pachifuwa atanyozedwa. Anapatsidwa kadi yofiira ndipo France inagonja pa mapenate iye atatuluka kale.

Chisoni nachonso sichifooketsa nthawi zonse. Timu ya Zambia inatenga chikho cha Africa mu 2012 ku Libreville, pafupi ndi pomwe ndege yonyamula timu ya dzikolo inagwera m'nyanja mu 1993. Masewerawa asanachitike, osewera anapita kugombe kukaika nkhata za maluwa. Anagonjetsa Côte d'Ivoire 8–7 pa mapenate, Didier Drogba ataphonya yake masewera ali mkati.