Mwana wakhoza Giredi 12, nanga za ku yunivesiti alipira ndani?

Caka ciliconse zotsatira za mayeso a Giredi 12 zikatuluka, m'makomo ena a ku Shimabala ndi midzi yozungulira Kafue mumamveka nthungululu. Koma pakapita miyezi ingapo, ena mwa ana amene anakhoza bwino mumawapeza akugulitsa tomato ndi makala m'mbali mwa mseu wa ku Lusaka, kalata yowaitana ku yunivesiti ili m'sutikesi. Nzeru zilipo, koma ndalama palibe.

Kuyambira mu Januwale 2022 boma linacotsa malipiro m'sukulu zake mpaka Giredi 12, ndipo ana ambiri a alimi tsopano akutha kupitiriza sekondale. Koma maphunziro aulere amathera pomwepo.

Thandizo la boma ku yunivesiti limadzera ku bungwe la Higher Education Loans and Scholarships Board, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2016. Makolo adziwe kuti iyi ndi ngongole, osati mphatso: mwana akamaliza maphunziro amayenera kubweza. Imathandiza ophunzira a m'mayunivesiti a boma monga UNZA, Copperbelt ndi Mulungushi, ndipo opempha amaculuka kuposa olandira. Ndalama ya cakudya ya ophunzira inacotsedwa mu 2019 ndi kubwezedwa mu 2023.

Palinso ndalama za CDF, zomwe mu 2022 zinakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu. Gawo lina limalipirira ana osowa m'sukulu za sekondale zogonera komweko ndiponso acinyamata ophunzira nchito zamanja, ndipo pempho limadzera ku komiti ya citukuko ya m'wadi. Thandizo limeneli silinakonzedwere digiri ya ku yunivesiti.

Ngakhale mwana amene wapeza ngongole sanaoloke. Pafunika ndalama ya mafomu, ya basi, bulangeti, ndi lendi ya cipinda ngati malo ogona pa sukulu adzaza. Kwa mlimi amene cimanga cake cinapsa ndi cilala ca mu 2024, tinthu timeneti ndi phiri.

Apa ndi pomwe mabungwe acifundo amalowa. CAMFED, yomwe inayamba nchito m'Zambia mu 2001, imalipirira atsikana a m'midzi, ndipo amene anathandizidwa kale ali ndi gulu lao lomwe limathandizanso ana ena. FAWEZA nayo yakhala ikuthandiza atsikana kuti asasiye sukulu. Koma mabungwe otere sangafike pakhomo lililonse.

Nanga ife eni ake a ana? Mbiri ya dziko lathu ili ndi yankho. Pamene Zambia inalandira ufulu mu 1964, inali ndi anthu a madigiri pafupifupi 100 okha. UNZA inatsegulidwa mu 1966 ndi ophunzira 312. Polandira udindo wa Chancellor caka comweco, a Kenneth Kaunda anayamikira anthu wamba amene anasonkha kuti sukuluyo imangidwe: a m'midzi, ana a sukulu ngakhale akaidi, ena akupereka nsomba, cimanga ndi nkhuku. Yunivesiti imene ana athu akulephera kulowa lero inamangidwa ndi thukuta la agogo awo.

Tiwerengere pamodzi. Mu 2025 bungwe la FRA linkagula thumba la cimanga la makilogalamu 50 pa K340. Mabanja 50 a m'parishi imodzi kapena a m'kopaletivu imodzi atapereka thumba limodzi pa banja, pangapezeke K17,000. Siingalipire zonse, koma ingakwanire mafomu, ulendo ndi lendi ya miyezi yoyamba ya mwana mmodzi kapena awiri. Mutu umodzi susenza denga.

Koma thumba la ndalama lotere limafa msanga ngati mulibe cilungamo. Ndalama zisungidwe ku banki, osayinira akhale atatu. Mwana asankhidwe poyang'ana zotsatira zake ndi kusowa kwa banja lake, osati cifukwa ndi mphwake wa wapampando. Malipiro apite ku sukulu kapena kwa mwini nyumba mwacindunji, ndipo malisiti awerengedwe pamaso pa onse. Wothandizidwayo alonjeze kuti akayamba nchito adzakweza mnzake.

Inu makolo, musadikire zotsatira. Mwana atenge NRC akadali pa sukulu, asunge bwino mapepala ake, ndipo afunse aphunzitsi masiku otsekera mafomu. Cenjeraninso ndi anthu a pa foni olonjeza malo a sukulu kapena thandizo mukawatumizira ndalama. Amenewo ndi akuba.

Nkhani imeneyi ikambidwe pa msonkhano wotsatira wa mpingo ndi wa kopaletivu, cimanga cisanagulitsidwe. Paja akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe.