Inshuwalansi ya galimoto: dziwani chimene mukulipirira

Fodya akayenda bwino ku okushoni ku Kanengo, alimi ena a ku Nsaru, Kabudula ndi Nambuma amagula pikiapu kapena kalole. Koma ikafika nkhani ya inshuwalansi, ambiri amangofuna kapepala komata pagalasi kuti apolisi asawavutitse pa msewu wa ku Mchinji.

Lamulo la pamsewu la 1997 limati galimoto iliyonse ikhale ndi inshuwalansi ya third party. Iyi ndiyo yotsika mtengo, koma imateteza anthu ena, osati chuma chanu. Mukagunda wanjinga pa Namitete, kapena kuphwanya ngolo ya mwini, kampani imapereka chipukuta misozi, komatu mpaka pa malire a ndalama olembedwa m'pangano. Zopitirira apo zidzatuluka m'thumba mwanu. Galimoto yanuyo ngakhale itaphwanyikiratu simulandira ndi tambala yomwe.

Ina ndi yomweyi, koma imaonjezera moto ndi umbava.

Yokwera mtengo ndi comprehensive, imene imakonzetsanso galimoto yanu ngakhale wolakwa akhale inuyo. Apa samalani zinthu ziwiri. Pali ndalama yotchedwa excess imene mwini amayamba wapereka pa ngozi iliyonse, kampani n'kumalizitsa yotsalayo. Funsani kuti ndi zingati musanasaine. Chachiwiri ndi mtengo wa galimoto umene munalembetsa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya galimoto ndi masipeyala inakwera kwambiri. Wolembetsa mtengo wakale amalandira zosakwanira kugulira ina. Kwa galimoto yokalamba, ine ndimaona kuti comprehensive nthawi zina ndi kutaya ndalama, koma yangongole musayese kuisiya popanda.

Msampha waukulu ndi matola. Ngati munalembetsa kuti galimoto ndi ya ntchito zapakhomo, kenaka mwanyamula anthu olipira opita ku msika wa pa Mpingu, kampani ikhoza kukana kulipira. Chimodzimodzinso ngati woyendetsa analibe laisensi kapena anali ataledzera. Mabelo a fodya ndi matumba a soya ali kumbuyo nawo amafuna inshuwalansi yawoyawo ya katundu wa paulendo.

Opita ku Chipata funsani za Yellow Card ya COMESA musanafike pa chipata cha Mchinji.

Ngozi ikachitika, tengani lipoti la apolisi ndipo dziwitsani kampani msanga. Musalonjeze kulipira munthu pamsewu pomwepo. Kampani ikamazengereza popanda chifukwa, kadandauleni ku Reserve Bank, imene imayang'anira makampani a inshuwalansi.